MTANDA WOFIIRA PA KHOMA LATHU

Tsiku lina Lolemba m'maŵa, mnyamata amene tidamuika kuti azilonda simenti ndi matabwa adafika kunyumba kwa mkulu wa mpingo ali ŵefuŵefu, nanena kuti kudabwera anthu pa galimoto, alemba pakhoma ndipo asiya kalata. Titathamangirako tidapeza mtanda waukulu wa penti yofiira pa khoma la kum'maŵa, pakati pa mazenera aŵiri. Sudali mtanda umene Akhristu amakondwa kuuona pa nyumba yopemphereramo ai. Udali wopendekeka, wonga umene mphunzitsi amalemba pa samu yolakwa. Kalatayo idachokera ku khonsolo ya mzinda, ndipo mau ake adali ochepa: ntchito iime, pakuti nyumbayi ikumangidwa popanda chilolezo.

Talemba nkhaniyi ngakhale ili yotichititsa manyazi, chifukwa tidziŵa kuti milaga yambiri ya m'mizinda ikusonkha ndalama zomangira, ndiponso mabanja ambiri a aŵerengi athu ali ndi kapuloti kawo kamene akulingalira zomangapo. Zimene zidatigwera ife zingathe kugwera aliyense wa iwo.

Mlaga wathu uli kumalire a mzinda, kumene zaka zapitazo kudali minda ya chimanga. Tidapemphera m'kalasi ya sukulu kwa zaka 7, akuluakulu aimvi atapinda maondo pa madesiki a ana, ndipo pa Sabata la Mgonero theka la mpingo linkamvera ulaliki pazenera. Chotero pamene bambo wina wachikulire adatiuza kuti akugulitsa munda wake, tidati Mulungu wayankha. Tidapita kwa amfumu a deralo, tidalipira pamaso pa mboni, kalata idalembedwa nidindidwa, ndipo abusa adapempherera malowo tonse titavula zipewa. Amayi a Chigwirizano adatunga madzi, anyamata ndi asungwana a kwaya adasenza mchenga naumba mabuloko a simenti Loŵeruka lililonse. Pa chinthu chimodzi chokhachi tidatsata lamulo, ngakhale mosadziŵa, pakuti kuyambira m'chaka cha 2018 boma lidaletsa njerwa zootcha pa nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda pofuna kuteteza mitengo. Ife tidasankha mabuloko chifukwa nkhuni zidakwera mtengo. Za chilolezo padalibe ndi mmodzi yemwe amene adazitchula. Pulani yathu idali m'mutu mwa mmisiri, ndipo mbali ina idajambulidwa kuseri kwa envulopu ya zopereka.

MAU ATATU PA MSONKHANO

Madzulo a tsiku lomwelo akulu a mpingo, atumiki ndi a komiti ya zomanga tidasonkhana m'kati mwa makoma opanda dengawo. Sitibisa, mitima idali itatentha. Woyamba kuyankhula adati tingopitiriza, pakuti a khonsolo sagwira ntchito Loŵeruka ndi usiku, ndipo nyumba ikafoleredwa palibe munthu woopa Mulungu amene angaigwetse. Wachiŵiri adayankhula motsitsa mau, nati iye adziŵa munthu amene adziŵa munthu, ndipo kangachepe kakaperekedwa kalatayo idzasoŵa yokha. Wachitatu, mkulu woŵerenga mabuku, adatikumbutsa za tchalitchi la St Michael and All Angels ku Blantyre, limene Mbusa David Clement Scott adalimanga pamodzi ndi amisiri a kuno kwathu kuyambira 1888 mpaka 1891, iye wosaphunzira ntchito ya zomanga ndiponso wopanda pulani yojambulidwa yathunthu. Adafunsa kuti, kodi si ili lilipobe mpaka lero? Nanga Scott adakapempha chilolezo kwa yani?

Funsoli lidatikondweretsa ambiri, ndipo ena adaomba m'manja. Koma mayi wina wamasiye, amene kaŵirikaŵiri sayankhula pa misonkhano, adati iye sadziŵa mbiri, koma aganiza kuti pamene Scott ankamanga padalibe nyumba ya mnzake pa mayadi asanu, padalibe paipi ya madzi pansi, ngakhale mawaya a magetsi pamwamba. Adanena zoona. Nthaŵi imeneyo khonsolo ya Blantyre idali isanakhazikitsidwe n'komwe. Ndipo ife, kunena mosapsatira, sitidali Scott.

Abusa adatsekula buku la Ezara, mutu 5 ndi 6, natifotokozera nkhani imene ambiri tidali titaiŵala. Ayuda obwera ku ukapolo ali m'kati momanganso Kachisi, kazembe Tatenai adafika naŵafunsa amene adaŵalamula kumanga, ndipo adalemba ngakhale maina a atsogoleri a ntchitoyo. Akuluakulu a Ayuda sadamtukwane, ndipo sadampatse kanthu m'manja. Adamuuza kuti mfumu Koresi ndiye adalola, ndipo kazembeyo adapempha kuti akafufuze m'nyumba yosungiramo makalata. Mfumu Dariyo italamula kufufuza, mpukutuwo udapezeka, ndipo ntchito idapitirira mothandizidwa ndi chuma cha mfumu yomwe. Abusa adatseka bukulo natifunsa kuti, akafufuza za ife m'makalata a mzinda uno, adzapezamo chiyani? Tidangoti chete. M'maŵa mwake anthu atatu adanyamuka kunka ku khonsolo, atatenga kalata ya amfumu ija m'thumba la pulasitiki.

KODI MALOWO NDI A YANI?

Tidapita tili okonzeka kukangana za khoma, koma mkulu wa ku ofesi ya mapulani sadayambire pa khoma. Adayambira pa dothi. Adaiyang'ana kalata yathu mwaulemu, naibweza, natiuza kuti imeneyo ionetsa kuti tidapereka ndalama kwa munthu, koma siionetsa kuti malowo ndi athu. Apa m'pamene ambiri a ife, obadwira kumudzi, timaphunthwa. Kwathu mfumu ikakulozera malo pamaso pa anthu, nkhani yatha. Mumzinda si tero. Lamulo la mafumu la m'chaka cha 1967 limanena kuti mfumu ilibe ulamuliro m'kati mwa malire a mzinda pokhapokha khonsolo itailola polemba. Amene timaŵatcha mafumu a m'tauni amathandiza ndithu pa maliro ndi pa milandu ya anansi, ndipo tiyenera kuŵalemekeza, koma chidindo chawo sichisandutsa munthu kukhala mwini puloti. Malo ambiri a m'mizinda ali m'manja mwa Unduna wa za Malo, khonsolo ya mzinda, bungwe la nyumba la Malaŵi Housing Corporation limene lidakhazikitsidwa mu 1964, kapena munthu amene ali ndi lizi yolembetsedwa ku boma. Lizi ya malo omangapo nyumba kaŵirikaŵiri imakhala ya zaka 99, ndipo mwini wake amalipira msonkho wa malo chaka ndi chaka.

Nanga zitheka bwanji kuti bambo uja agulitse munda umene makolo ake adalima, koma boma linene kuti si wake? Iye sadatinamize mwadala. Mzinda ndiwo udampeza ali m'munda mwake. Taonani m'mene mizinda yathu yakulira. M'chaka cha 1966 ku Lilongwe kudali anthu osakwana 20,000. Ntchito yomanga likulu latsopano itayamba mu 1968 pansi pa bungwe la Capital City Development Corporation, ndipo likulu litasamuka ku Zomba mu 1975, kalembera wa 1977 adapeza anthu pafupifupi 99,000. Pofika 2018 adali 989,000, ndipo ku Blantyre adali 800,000. Malire a mizinda adameza midzi yathunthu pamodzi ndi manda ndi madimba ake. Pa mapu a boma malowo adagaŵidwa kale, apa nyumba, apa mseu, apa sukulu, apa msika, pamene pansi pali chimanga ndipo mwini munda sadaonepo mapuwo. Wogula amaona chimangacho. Wa ku khonsolo amaona mapu.

Mkulu uja adatulutsa mapu a dera lathu naŵayala patebulo, ndipo tidaona ndi maso athu zinthu ziŵiri zimene zidatifooketsa m'nkhongono. Choyamba, dera lonselo lidalembedwa kuti n'lomanga nyumba zogona, osati tchalitchi. Chachiŵiri, kum'maŵa kwa malo athu kudajambulidwa mseu umene sudalambulidwebe, ndipo zinkaoneka kuti khoma lathu lili m'kati mwake. Adatilangiza kuti tipeze saveya wovomerezeka ndi boma kuti akayeze. Saveyayo adabwera ndi makina ake, nafukula mabikoni aŵiri akale amene adakwiririka m'udzu, nakoka chingwe. Khoma lonse la kum'maŵa, pamodzi ndi kachipinda ka abusa, zidali mu mseu. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo tsiku limenelo tidalidya ndithu.

NJIRA YA PULANI

Tsono tifotokoze njira imene tidayenda, pakuti ndi yomweyo imene banja lomanga nyumba yogona liyenera kuyenda. Lamulo loyang'anira mamangidwe limene lidakhazikitsidwa mu 1988 lidaloŵedwa m'malo ndi lina la 2016, koma mutu wake sudasinthe: mumzinda munthu sayamba chitukuko pa malo asanalandire chilolezo. Ndipo mau akuti chitukuko ndi otambalala kuposa m'mene ambiri tiganizira. Kumanga nyumba, kuonjezera zipinda, kumanga mpanda wa njerwa, kudula puloti paŵiri, ngakhale kusandutsa nyumba yogona kukhala sitolo, sukulu ya mkaka kapena malo opemphereramo, zonsezi zifuna chilolezo, ngakhale njerwa imodzi isanaikidwe.

Choyamba ndi mapepala a malo. Ife tidayenera kupempha kwa eni malo enieni kuti atilembere malowo, ndipo tidalipiranso kachiŵiri malo amene tinkati tidagula kale. Zidaŵaŵa. Pano tichenjeze mipingo inzathu kuti malo a tchalitchi alembedwe m'dzina la mpingo monga mwa malangizo a ofesi ya Sinodi, osati m'dzina la mkulu wa mpingo kapena la mbusa, ngakhale akhale wokhulupirika chotani, pakuti munthu amafa ndipo ana ake sadzadziŵa pangano la pakamwa. Titatero tidapempha kuti malowo asinthidwe ntchito, kuchoka pa nyumba zogona kukhala a chipembedzo. Anansi adafunsidwa maganizo awo, ndipo mmodzi adadandaula za phokoso la zimkuzamau pa mapemphero a usiku. Poyamba tidamuona ngati mdani wa Uthenga Wabwino. Titamchezera tidapeza kuti ali ndi mayi wake wodwala m'nyumba, ndipo tidagwirizana naye bwino lomwe.

Pambuyo pake ndi pulani. Iyenera kujambulidwa ndi katswiri wolembetsedwa, ndipo pa nyumba yaikulu yosonkhanamo anthu kapena yosanja pafunikanso injiniya woŵerengera mphamvu ya maziko, mizati ndi denga. Pulani siionetsa zipinda zokha ai. Imaonetsa pamene nyumba idzakhale pa pulotiyo, kutalika kwake kuchokera ku mseu ndi ku malire a anansi, kumene madzi a mvula adzaloŵere, ndi pamene padzakhale zimbudzi. Mapulaniwo amaperekedwa angapo pamodzi ndi mafomu ndi umboni wa malo, ndipo pamakhala ndalama yolipira kuti aunikidwe, imene imatsata kukula kwa nyumbayo. Ndalamayi ilipiridwe kwa wolandira ndalama wa khonsolo, ndipo mutenge lisiti. Tibwereze: mutenge lisiti. Kuchoka apo pulani imayendera anthu ambiri, a zaumoyo, a miseu, ozimitsa moto, a madzi ndi a magetsi, aliyense kuyang'ana mbali yake, kufikira ifike ku komiti yoona za mapulani a mzinda imene imakumana nthaŵi ndi nthaŵi. Komitiyo ingathe kuvomera, kuvomera ndi mfundo zoti zitsatidwe, kubweza kuti mukonze, kapena kukana. Ikakana imapereka zifukwa, ndipo wokanidwa ali ndi ufulu wochita apilo.

Pa chipata cha maofesi otere sipasoŵa madobadoba. Wina wovala bwino adatitsata kufikira pokwerera minibasi, natiuza kuti mafailo a anthu osadziŵa kuyankhula amagona chaka, koma iye angathe kutitulutsira chidindo pa masiku atatu. Tivomere kuti pamene mwezi wachitatu udatha tisanamve kanthu, simenti yathu ikuuma m'matumba, nambala yake ya foni idatuluka m'thumba la wina wa ife pa msonkhano wa komiti. Msungichuma wathu ndiye adatipulumutsa ndi funso lake louma. Adati iye alibe mau pa zauzimu, koma afuna timuuze chimene adzalembe m'buku la ndalama, pakuti buku limenelo limaŵerengedwa pamaso pa mpingo wonse kutha kwa chaka. Kodi alembe kuti chopereka cha amayi ogulitsa tomato chidagula chiphuphu? Nambala ija idabwerera m'thumba. Tidamva pambuyo pake za anthu amene adagula zidindo zotere, nazindikira kuti n'zabodza nyumba ili kale pa lintala.

Chimene tidachita m'malo mwake n'chotopetsa koma chilibe tchimo. Tidasankha mkulu wina wopuma pa ntchito kuti azipita Lachiŵiri lililonse kukafunsa pamene failo yathu yafika, atatenga kope lolembamo tsiku, ofesi ndi yankho. Ankapereka moni, nakhala pa benchi, nadikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pulani idabwezedwa kaŵiri, ndipo yankho lomaliza lidatuluka patapita miyezi 8 chilembedwere mtanda uja.

ZIMENE ADATIUZA KUTI TIKONZE

Pobweza pulaniyo adatiuza kuti zitseko zikhale zambiri, zazikulu ndiponso zotsekukira kunja. Kuti mazenera akule. Kuti zimbudzi zichuluke ndipo zitalikire chitsime cha mnansi wathu wa kumunsi. Kuti pakhale polowera anthu oyenda pa njinga za olumala. Ndi kuti tikumbe ngalande yotengera madzi a padenga ku mseu. Tidang'ung'udza kuti anthu aŵa akuyesa ndalama timatola. Koma taganizani, abale. Anthu mazana atadzaza m'nyumba ya chitseko chimodzi chotsekukira m'kati, wina nakuwa kuti moto, angatuluke angati? Denga la tchalitchi ndi lalikulu, ndipo madzi ake onse tidati tiŵatsanulire pakhomo pa mayi wina wosauka amene nyumba yake ya zidina ili kumunsi kwathu. Tikadaimba nyimbo zotamanda m'kati, khoma la mnzathu likunyowa kunja. M'chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 22, womanga nyumba yatsopano adalamulidwa kuika kampanda kuzungulira denga lake kuti munthu angagwe, mwazi wake nukhala pa nyumbayo. Lamulo la mamangidwe silidayambe ndi Azungu kapena ndi khonsolo. Lidayamba pamene Mulungu adaonetsa kuti nyumba ya munthu ili ndi mlandu pa moyo wa mnzake.

Palibe Mmalaŵi amene adzaiŵale mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nakwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo anthu ali m'kati. M'dziko lonse akufa pamodzi ndi osoŵa adapitirira 1,000. Ku Lilongwe nako mtsinje wa Lingadzi udasefukira m'nyumba za ku Mtandire mu 2017. Madzi saiŵala khwaŵa. Pamene a mapulani akaniza munthu kumanga m'mphepete mwa mtsinje, m'dambo kapena pa mtsetse wa phiri, si nkhanza ai.

Komabe tisafulumire kuloza chala abale athu amene adamanga m'malo otero, monga ngati adachita dala. Ambiri adapita kumeneko chifukwa kwina kulikonse kudali kotsekeka. Mapuloti ovomerezeka ndi ochepa, mitengo yake si ya mlonda kapena wogulitsa makala, ndipo munthu angathe kulembetsa dzina nadikira mpaka imvi. Kale kudali madera amene boma linkadula mapuloti, kulambula miseu ndi kuika mipopi, munthu wosauka namanga nyumba monga mwa mphamvu zake, monga ku Kawale, ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa. Anthu adachuluka koposa mapuloti otere. Ife tiganiza kuti lamulo limene lifunsa mmphaŵi chilolezo liyeneranso kumuonetsa malo amene angamangepo, ndipo ofesi imene ichedwetsa failo popanda chifukwa ikuthandiza dobadoba kupeza chakudya. Tiganizanso kuti n'chosalungama pamene kanyumba ka wosauka kagwetsedwa, chinyumba cha wolemera chomangidwa m'dambo lomwelo chili chiimire. Akhristu amene agwira ntchito m'maofesi ameneŵa, ndipo alipo ambiri m'mipingo yathu, adziŵe kuti failo imene ili patebulo pawo ndi thukuta la banja lina. Koma kulakwa kwa ofesi sikukadalungamitsa khoma lathu. Lidali mu mseu basi.

TSIKU LOGUMULA

Chilolezo chidabwera ndi mfundo yakuti khoma la kum'maŵa ndi kachipinda kaja zichotsedwe ntchito isanayambenso. Tidapempha kuti tigumule tokha, ndipo adatilola. Lidali Loŵeruka la mwezi wa Juni, kukuzizira. Anyamata omwe aja adaumba mabulokowo ndiwo adakwera ndi nyundo. Tidayesa kuchotsa buloko limodzilimodzi kuti tipulumutseko ena, koma mmisiri wathu adaŵaka molimba, ndipo ambiri adasweka. Amayi ena adalira poyera. Mnyamata wina, amene adataya masabata ambiri a ganyu chifukwa cha ntchito ya tchalitchi, adafunsa mkulu wa mpingo pamaso pa onse kuti, “Bambo, nanga inu akuluakulu simudadziŵe kuti mumzinda amafunsa?” Mkuluyo sadamkalipire. Adati, “Mwana wanga, ena tidadziŵa, koma tidati za Mulungu sizifunsidwa. Tikhululukireni.” Mau ameneŵa adachita zimene ulaliki wa miyezi 8 sudathe kuchita, pakuti anyamata amene adayamba kujomba adabweranso Loŵeruka linalo.

Poyambanso ntchito tidaphunzira kuti chilolezo si mapeto. Woyendera nyumba wa ku khonsolo ayenera kuitanidwa pa magawo ake: mutakhoma zikhomo ndi kukoka zingwe, mutakumba maziko koma musanathire konkire, pofika pa silabu, pa ngalande ndi zimbudzi musanakwirire, pa denga, ndi pomaliza. Mukakwirira asanaone angathe kukuuzani kuti mufukule. Pulani yodindidwa ikhale pamalo pa ntchito, ndipo mmisiri asasinthe kanthu chifukwa choti iye wamanga nyumba zambiri. Wathu adafuna kuchepetsa zitsulo za m'mizati kuti atipulumutsire ndalama, mwa mtima wabwino ndithu, koma injiniya adakana. Dziko lathu lili m'chigwa cha zivomezi. A ku Salima akumbukira 1989, ndipo a ku Karonga akumbukira 2009. Tidziŵenso kuti chilolezo chili ndi nthaŵi yake, ndipo munthu akachisunga m'sutikesi zaka zambiri osayamba ntchito ayenera kukachikonzetsanso. Nyumba ikatha pamatuluka kalata ina yolola kuti anthu aloŵemo.

KWA MAKOLO NDI ACHINYAMATA

Inu makolo, nyumba imene mukumanga ndiyo chuma chimene ana anu adzatsala nacho. Ife akulu a mpingo takhala pa milandu yambiri ya amasiye, ndipo taona mayi akutulutsa kapepala kong'ambika ka m'kope la sukulu, kolembedwa ndi munthu amene adamwalira, mboni zake zonse zitasamuka, pamene wina wabwera ndi mapepala a boma a puloti yomweyo. Zikatero mpingo ungathe kutonthoza, koma sungathe kubweza nyumba. Mneneri Yeremiya pogula munda wa ku Anatoti, mzinda wa Yerusalemu utazingidwa ndi adani, adalemba kalata, naitanira mboni, nayesa siliva pa sikelo, nauza Baruki kuti asunge makalatawo mu mtsuko wadothi kuti akhale nthaŵi yaitali. Mwamuna asabise mapepala a malo kwa mkazi wake. Mkazi adziŵe pamene ali, dzina limene lidalembedwapo, ndi ngati msonkho wa malo ndi wa mzinda ukulipiridwa. Ana akuluakulu aonetsedwe mabikoni a puloti ndi maso.

Ndipo inu anyamata ndi asungwana amene mwayamba ntchito, masiku ano mapuloti akutsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp monga tomato pamsika. Ena a inu muli ku Johannesburg kapena ku Cape Town, mukutumiza ndalama mwezi ndi mwezi kuti achibale akumangireni, ndipo chimene mwaona ndi zithunzi zokha. Musanapereke tambala, tengani nambala ya pulotiyo, ngati ilipo, mukafunse ku ofesi ya za malo ndi ku khonsolo kuti mwini wake ndani ndipo malowo adaikidwira ntchito yanji. Ngati wogulitsa akuti mufulumire chifukwa pali wina akubwera ndi ndalama madzulo, mlekeni winayo agule. Ndalama ya saveya ndi ya wojambula pulani imaoneka yambiri pa tsiku loipereka, koma ife tidaŵerengera mtengo wa khoma limene tidagumula, wa simenti imene idauma, ndi wa malo amene tidagula kaŵiri, ndipo tidapeza kuti zikadalipira akatswiriwo n'kutsalako ya malata.

Tchalitchi lathu lidatsekulidwa patapita zaka ziŵiri, locheperapo kusiyana ndi limene tidalota, koma la zitseko zinai. Mapepala onse, lizi, pulani yodindidwa, malisiti ndi kope la mkulu uja wa Lachiŵiri, ali m'bokosi lachitsulo, ndipo ena ofanana nawo tidakasungitsa ku ofesi ya Sinodi. Buloko limodzi la penti yofiira mlembi wa mpingo adalisunga, ndipo lili pansi pa tebulo m'kachipinda katsopano ka abusa.

Chilimwe chathachi giledala idafika m'dera lathu kudzalambula mseu uja tidauona pa mapu. Idagwetsa mipanda ingapo ndi maokala aŵiri kumtunda kwathu. Pofika pa ife idadutsa pamene padali khoma lija, mpeni wake nufukula zidutswa za maziko athu akale, ndipo ana a Sande sukulu adaima pakhonde kuonerera mpaka idakhota.